Mawu Obwereka

Kuno ku Bembeke, nyengo yozizira, nkhungu imatsika dzuwa lisanalowe. Ikamati faifi koloko mapiri asowa, mbuzi zalowa m'khola, aliyense akufunafuna pali moto. Madzulo ena otere m'chaka cha 2020, boma litangosintha, tinali m'khitchini ine ndi alamu anga, tikuwotcha kachewere paphulusa, kawailesi kali pawindo. M'menemo ndi momwe tinamvera kuti Brian Banda, uja wa mafunso osazungulira wa pa Times, wasankhidwa kukhala mneneri wa Pulezidenti Lazarus Chakwera. Alamu anawomba m'manja kamodzi n'kuti, "Mwaonatu alamu? Mulungu akati akweze munthu, palibe wotsekereza." Ine ndinavomera ndi mutu, pakuti ndi mmene tonse timayankhulira, kutchalitchi ngakhale kuchigayo.

Patatha chaka ndi miyezi tinakhalanso pamalo omwewo, ndipo mawu a Brian Banda aja anali atabwerera ku Times, akupanikizanso andale ndi mafunso. Alamu anapukusa mutu. "Wagwa nayo mwana uja. Kaya anamulakwira chiyani Mulungu." Apa mutu wanga unakana kuvomera. Usiku umenewo ndinalibe chowayankha, koma funsolo linandikhala pamtima ngati mwala wa m'nsapato. Kodi n'zoona kuti munthu akakwera pampando ndiye kuti Chauta wamusekerera, akatsikapo ndiye kuti wamufulatira?

Njira ya Brian Banda aliyense wotsata wailesi amaidziwa. Tinayamba kumumva pa Capital FM, m'pulogalamu ya Straight Talk, momwe ankakhazika pansi nduna ndi atsogoleri a zipani n'kumawafunsa zinthu zomwe enafe tikanangozinong'ona. Bingu wa Mutharika atamwalira mu Epulo 2012, Joyce Banda n'kutenga mpando, iye anakagwira ntchito ku ofesi ya zofalitsa nkhani ku nyumba ya boma. Boma limenelo linatha ndi chisankho cha mu Meyi 2014, ndipo tinadzamupeza ku Times, pawailesi ndi pakanema pomwe. Chisankho chobwereza cha pa 23 Juni 2020 chinamubwezeranso ku nyumba ya boma, ndipo tinkamuona ataima pamaso pa atolankhani anzake, woyankha tsopano ali iye. Mu 2021 kunamveka zoti akukachita maphunziro ku Peking University m'dziko la China, ndipo pambuyo pake anabwerera ku ntchito yake yakale yofunsa. Kawiri kulowa, kawiri kutuluka. Gospel Kazako nayenso anayenda njira yonga yomweyo: anachoka ku MBC, anayambitsa Zodiak mu 2005, anakhala nduna ya zofalitsa nkhani mu 2020, ndipo mu Januwale 2023 dzina lake silinapezeke pamndandanda wa nduna. Tikatsata kawerengedwe ka alamu anga, ndiye kuti mtima wa Mulungu umatembenuka nthawi iliyonse imene chisankho chatembenuka. Mulungu wotero ine sindinaphunzitsidwe, ndipo sindingamugwadire.

Mwina wina angadabwe kuti mlimi wa kachewere ku Dedza akuvutikiranji ndi ntchito za anthu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Woulutsa mawu pawailesi si mlendo kwa ife. Ndi m'bale amene nkhope yake sitiidziwa koma amadya nafe nsima tsiku ndi tsiku. Bambo anga anali ndi wailesi ya Nzeru, yomwe ankaifunditsa kansalu, ndipo mabatire akafooka ankawayanika padenga kuti atifikitse Loweruka. Masiku amenewo wailesi inali imodzi, MBC, ndipo zomwe yanena ndizo zinali nkhani. Tinkasekera Kapalepale, tinkamvera nkhani za m'maboma, ndipo ikafika nthawi ya mauthenga a maliro nyumba yonse inkati zii, ngakhale mwana wapamsana ankakhala ngati wamva. Kanema wa TVM anabwera mu 1999, koma kwa ife okhala kutali ndi mawaya a magetsi chinthu chathu chinakhalabe wailesi. Pa 3 Febuluwale 2020, oweruza asanu akuwerenga chigamulo chothetsa chisankho cha 2019 kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndinaona amuna atasiya makasu m'munda, atazungulira kawailesi kamodzi pansi pa mtengo wa pichesi. Nsanja za wailesi zija zili pamwamba pa phiri la Dedza timaziona tsiku lililonse kukangoyera. Anthu amene mawu awo amadutsa pamenepo ali ndi mphamvu pa ife yoposa ya mfumu, motero kukwera ndi kutsika kwawo n'kwathu komwe.

Chimene chinandithandiza poyamba ndi chinenero chathuchi. Munthu woyankhulira Pulezidenti timamutcha mneneri. Woyankhulira apolisi, mneneri. Yesaya ndi Yeremiya, aneneri. Amene anayamba kugwiritsa ntchito liwu limodzi pa anthu onsewa anaona patali. M'buku la Eksodo, Mose atadandaula kuti sadziwa kuyankhula, Mulungu anamupatsa Aroni kuti akhale pakamwa pake pamaso pa Farao. Mneneri ndi ameneyo: munthu wosenza mawu a wina. Katundu si wake. Chake ndi khosi ndi miyendo.

Tikaona choncho, nyumba ya mfumu payokha si dalitso, komanso si tchimo. Yosefe anatumikira Farao n'kupulumutsa anthu ku njala. Danieli anagwira ntchito m'nyumba za mafumu a ku Babuloni osagulitsa chikhulupiriro chake. Natani ankalowa m'nyumba ya Davide ngati wa pakhomo, koma Davide atatenga mkazi wa Uriya, ndi Natani yemweyo amene anamuloza chala. Koma pali nkhani ina imene sitiilalikira kawirikawiri, ili m'buku loyamba la Mafumu. Ahabu akufuna kupita kunkhondo ku Ramoti Giliyadi, anasonkhanitsa aneneri ngati 400, ndipo onse anamuuza zokoma. Kunatsala mmodzi, Mikaya mwana wa Imla, amene mfumu inkadana naye chifukwa sankailosera zabwino. Wamthenga amene anakamutenga anamunyengerera m'njira kuti agwirizane ndi anzake. Iye atanena zoona, anamuwomba khofi, n'kumutsekera m'ndende kuti azidya pang'ono ndi kumwa pang'ono. Alamu anga akanakhalapo tsiku limenelo, ndikudziwa amene akanati Mulungu wamukweza: mazana anayi aja, okhuta, okhala pafupi ndi mpando. Koma Ahabu anafera kunkhondoko, ndipo dzina limene timaliwerenga mwaulemu ndi la wam'ndende uja.

Sindikunena kuti woulutsa mawu akalowa m'boma ndiye kuti wasanduka mneneri wa Ahabu, kapena kuti akatuluka ndiye Mikaya. Mtima wa Brian Banda sindingaulowe, wa Kazako chimodzimodzi. Ndikunena kuti mpando sutiuza kanthu. Ndipo izi sindinaziphunzire m'buku lokha ayi. Ndinaziphunzira pamaliro.

Kwa zaka khumi ndi zinayi, ine ndi amene ndinkagwira chimkuzamawu pamaliro m'midzi yathu itatu. Ndinali mphunzitsi, mawu anga ankafika patali, ndipo ndondomeko ndinkaidziwa: akuchimuna ayankhula liti, akuchikazi liti, nyakwawa ibwera pambuyo pa yani, agulupu awonjezera nthawi yanji, ampingo alandira mwambo pati. Munthu ukalakwitsa pamenepo umayambitsa mlandu woti ukambidwe mwezi wathunthu. Anthu ankandiyamikira. Ndikafika pasiwa ankandipatsa mpando wakutsogolo, amayi ankanong'onezana kuti aphunzitsi afika, mwambo uyenda bwino. Ndinayamba kuyenda ndi jekete yapadera ya ntchito imeneyi. M'kati mwanga, ngakhale sindinauzepo munthu, ndinkaona kuti Mulungu wandipatsa malo.

Gawo lina la ntchitoyo linali kulengeza chipepeso. Anyamata ankalemba m'kope dzina la aliyense ndi zomwe wapereka, kaya ndalama, kaya ufa, kaya nkhuku, ine n'kumawerenga. Ndikuulula pano kuti sindinkawerenga mofanana. Envulopu ya bwana wochokera ku Lilongwe ndinkaiwerenga pang'onopang'ono, maudindo ake onse osasiyapo, ndalama yake n'kuibwereza kawiri. Mayina a m'munsi mwa tsamba, a tindalama tating'ono, ndinkawamanga mtolo umodzi: "ndi ena ambiri amene atigwira dzanja." Tsiku lina, titachoka kumanda tikusamba m'manja, anandiyandikira agogo ena ogulitsa nkhuni. Ndinali nditawaona m'mawa akumasula kangachepe kawo pansonga ya chitenje, K50 yopindapinda. Anagwada pang'ono n'kuti, "Aphunzitsi, kodi dzina langa silinalembedwe?" Ndinati nthawi inatithera, mvula inkabwera. Iwo anati, "Chabwino bambo. Ndimangofuna ofedwa adziwe kuti ndinabwera." Ananyamuka, ine n'kupitiriza kucheza ndi akuluakulu. Masiku amenewo ndi amene anthu ankati ndili pamwamba.

Kenako ndinadwala chifuwa chimene chinandigoneka miyezi itatu n'kundisiyira mawu osasa. Nditachira ndinapita pamaliro ena nditavala jekete ija, ndipo ndinapeza chimkuzamawu chili m'manja mwa mnyamata amene ndinamuphunzitsa ndekha Sitandade 6. Panalibe amene anandiitanira pambali kundifotokozera. Ndinakhala pa benchi ya kumbuyo, pakati pa amuna anzanga, ndipo chimene chinandipweteka koposa si manyazi ayi, koma kuona kuti mwambo unayenda. Nyakwawa inayankhula pa nthawi yake, nyimbo zinaimbidwa, adzukulu anakwirira, anthu anabalalika. Panalibe chimene chinasowa. Panjira ndinamva wina akuti, "Ng'oma yolira sichedwa kung'ambika," ndipo ndinadziwa kuti ng'omayo ndine. Usiku ndinagwada n'kufunsa Mulungu kuti ndamulakwira chiyani. Ndiye kuti maganizo a alamu anga aja anali anganso, ndinkangowabisa.

Amene ananditsegula maso ndi bambo mfumu ena okalamba, pa chikondwerero cha kubadwa kwa Yohane Mbatizi, chimene chimabwera pa 24 Juni, kuno kukuzizira mpaka mame kuuma paudzu. Anafotokoza chiphunzitso cha Augustine Woyera, episkopi wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, amene anamwalira m'chaka cha 430. Yohane atafunsidwa kuti ndi ndani, anakana maudindo onse amene anthu ankafuna kumuveka, n'kudzitcha liwu chabe. Augustine anasiyanitsa liwu lomveka m'khutu ndi mawu amene liwulo lasenza. Ndikakhala ndi ganizo mumtima n'kufuna kuti lifike mumtima mwako, ndimabwereka liwu. Liwu likafikitsa ganizolo limazimirira, koma ganizo latsala mwa iwe, ndipo mwa ine silinachoke. Yohane anali liwu, Khristu ndiye Mawu. N'chifukwa chake Yohane sanadandaule ophunzira ake atayamba kumuchokera kutsata Yesu. Anavomera kuti kuchepa kwake ndiyo ntchito imene anabadwira.

M'Chichewa zinthu ziwirizi timaziphatikiza. Timati "mawu ake ndi okoma," tikunena kamvekedwe. Timatinso "mawu ake ndi anzeru," tikunena zimene wanena. Mwina n'chifukwa chake timasokonezeka msanga, woyankhula ndi omvera omwe. Ine ndinkaganiza kuti anthu amabwera kudzamva aphunzitsi. Koma mawu amene ndinkanena pamaliro anali a ofedwa, a mfumu, a agogo a nkhuni aja. Anandibwereka kuti ndiwafikitse. Ndipo pamene ndinali pamwamba m'pamene ndinkataya ena m'njira.

Ndikamamvera woulutsa mawu tsopano ndimamumvera ndi khutu limeneli. Akafunsa nduna kuti feteleza wotsika mtengo afika liti, pomwe mvula yagwa kale, funso limenelo si lake. Ndi la mlongo wanga wa ku Linthipe amene wagona pamzere masiku awiri. Akafunsa za mankhwala m'zipatala, akufunsira mayi amene wayenda wapansi kuchokera kuphiri, mwana ali kumsana, n'kuuzidwa kuti akagule yekha. Anthu amenewa sadzakhala pamaso pa nduna mpaka kufa. Pakamwa pawo ndi munthu uja ali pawailesi. Tsiku limene wayamba kufunsa kuti amveke kuti ndi wolimba mtima, kapena kuti achititse manyazi amene sakumufuna, wataya katundu, ngakhale dziko lonse likumuwombera m'manja. Chimodzimodzinso akapita ku nyumba ya boma: wasenza mawu a mtsogoleri kubwera nawo kwa ife, ndipo imeneyonso ndi ntchito yofunika, pakuti dziko limene mtsogoleri wake sayankhula limadzala ndi mphekesera. Tinaona mu Epulo 2012, masiku awiri aja boma lili chete pa imfa ya Bingu, mmene mitima inalili m'mwamba. Funso ndi limodzi konsekonse: kodi chimene wafikitsa ndi choona, ndipo wachifikitsa chathunthu? Ndiponso, pakuti Natani ankayenda njira zonse ziwiri, kodi akalowa m'kati amakanena kwa mwini nyumba zimene anthu akulira kunja? Zimenezo ife a kuno sitiziona. Amaziona Mulungu ndi mwini wakeyo.

Pali zovuta ziwiri zimene sindifuna kuzibisa. Choyamba ndi mimba. N'kosavuta kwa ine, amene ndili ndi munda ndi kapenshoni, kuuza mtolankhani kuti mpando ulibe ntchito. Nayenso ali ndi ana ofuna fizi, ali ndi makolo kumudzi, ali ndi lendi. Ntchito ya malipiro abwino ikabwera, kuilandira si kugulitsa moyo, ndipo ikatha, kuwawa kwake n'kwenikweni. Ine ndinataya jekete ndi mpando wakutsogolo basi, koma ndinalira. Nanga wotaya galimoto, nyumba ndi ulemu wa dziko lonse? Amene amaseka munthu wotero aiwala kuti chaona mnzako chapita. Chachiwiri ndi chikhulupiriro cha omvera. Munthu akabwerera kuchokera ku nyumba ya boma n'kuyambanso kufunsa, ena amati akubwezera, ena amati akuteteza anzake akale. Kukayikira kumeneko sikuchoka ndi pulogalamu imodzi. Kumachoka pang'onopang'ono, omvera akaona kuti funso limene wafunsa wa chipani ichi walifunsanso wa chipani icho, ndi ukali womwewo. Ndi mtengo umene aliyense woyenda njira ziwirizi amalipira, ndipo ndikuona kuti n'koyenera kuti aulipire.

Nanga Mulungu alibe dzanja pa kukwera ndi kutsika kwa anthu? Ndimakhulupirira kuti ali nalo. Koma dzanja lake silikhala ngati la mphunzitsi wochonga mayeso, kuti wakhoza akwere kalasi, walephera abwereze. Za moyo wanga ndingathe kunena, ndipo ndikunena ndi mantha, kuti chifuwa chija chinali chifundo. Chikanapanda kubwera, bwenzi mpaka lero ndikumanga mayina a amphawi m'mitolo, ndikudziyesa wodalitsika. Koma za moyo wa munthu wina sindingayerekeze kunena choncho. Abwenzi a Yobu anayesa kuwerenga maganizo a Mulungu poyang'ana zilonda za mnzawo, ndipo pamapeto pake ndi iwo amene anadzudzulidwa. Tikamati "Mulungu wamukweza" nthawi zambiri timakhala tikunena kuti tasirira galimoto yake. Tikamati "Mulungu wamutsitsa" timakhala tikubisa kansanje kathu kuseri kwa dzina loyera. Lamulo lija loletsa kutchula dzina la Mulungu pachabe ndikuganiza kuti limafika mpaka pamenepa.

Alamu anga sanasinthe maganizo kwenikweni. Amati ndikuzunguza nkhani yapafupi, munthu akapeza mpando wapeza basi. Timamverabe wailesi limodzi, iwo akuwerenga amene wakwera ndi amene wagwa, ine ndikumvetsera ngati funso la mlongo wanga lafunsidwa.

Mwezi wathawu tinaika maliro a agogo a nkhuni aja. Anthu sanachuluke, kunalibe galimoto ngakhale imodzi, ndipo nkhungu inali isanachoke m'dambo pamene mwambo unkayamba. Mnyamata uja asanatenge chimkuzamawu anabwera pa benchi yanga, kope la chipepeso lili m'manja, n'kugwada. "Aphunzitsi, mayinawa achuluka koma ndalama zake n'zochepa. Ndingowaphatikiza?" Ndinamuuza kuti awerenge lililonse, ndi mudzi womwe munthuyo wachokera. Anawerenga kwa nthawi yaitali, K100, K200, mbale ya ufa, mtolo wa nkhuni, ndipo dzina lililonse likatchulidwa ndinkaona mutu wina ukudzuka pakati pa amayi.